Batire ndinaliyeza kaye ndisanatulutse ndalama

Amalume anga akhala akukonza magalimoto ku Mbare, mu Harare, kuyambira ine ndili mwana. Tsiku lomwe ndinawauza kuti ndikufuna galimoto yamagetsi, anapukuta kaye manja pa kansanza kenako n'kunena kuti, "Mphwanga, ngati watsimikiza, pita kwa eni ake. Injini ndimaimva ndi khutu, koma izi zoyenda mwakachetechetezi ndikakuthandiza bwanji? Akakunamize ndi eni ake, ukakhale ndi powadandaulira."

Ndinawamvera. Ine ndimakhala ku Mufakose koma ntchito ndimagwira ku Msasa, ndipo ndalama ya petulo inkandimaliza mwezi usanafike pakati. Galimoto yatsopano sindikanaikwanitsa. Maganizo anga anali pa Nissan Leaf yoti inayendapo kale, chifukwa ndi imene imaoneka kwambiri m'misewu ya Harare pa magalimoto amagetsi.

Ndinayamba ndi malo ogulitsira magalimoto omwe ali ndi chilolezo cha makampani opanga. Anandilandira bwino, koma yamagetsi yoyendapo kale analibe. Bambo wina wa pamenepo anandikhazika pansi n'kundifotokozera zomwe sindinkadziwa. Kumayiko ngati Japan, kampani imatenganso magalimoto ake akale, kuwayeza, n'kuwagulitsa ndi waranti. Wogula amalipira mokwererapo, koma batire likafooka msanga ali ndi kopita. Pa Leaf ya batire la 40 kWh (kWh ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga), Nissan imalonjeza zaka 8 kapena makilomita 160,000, kuti timizere toonetsa thanzi la batire tikatsika kuchoka pa 12 n'kupitirira pa 9, adzalikonza. Lonjezolo ndi la msika umene galimotoyo inagulitsidwa. Ikangokwera sitima kubwera kuno ngati ex-Jap, galimoto yoyendapo kale yochokera ku Japan, limatsalira padoko. Ndinatuluka pamenepo nditamvetsa kuti chimene amalume ankandituma kukagula kwa eni ake chinali chitsimikizo cha batire, ndipo kuno ndinayenera kuchipeza mwanjira ina.

Njira zinatsala ziwiri: kuitanitsa ndekha ku Japan, kapena kugula imene inafika kale.

Kuitanitsa kumakoka mtima, sindikana. Usiku ndinkagona mochedwa ndikuyang'ana zithunzi pa BE FORWARD ndi SBT, makampani a ku Japan ogulitsa magalimoto oyendapo kale pa intaneti, mitengo yake yooneka ngati yotsika. Boma nalonso linatsitsa msonkho wa magalimoto amagetsi kuchoka pa 40 kufika pa 25 peresenti kuyambira pa 1 January 2025. Koma pa mtengo wa pa intaneti uyenera kuwonjezerapo VAT, ejenti wa pa boda, ndi thiraki yoinyamula. Galimoto ya petulo munthu amatha kukaitenga ku Beitbridge n'kuiyendetsa yekha. Leaf siingayende makilomita pafupifupi 580 amenewo popanda kutchaja kangapo, choncho imabwera itaberekedwa mpaka ku Harare. Palinso lamulo la zaka 10, lomwe linayamba mu 2021: galimoto yakale kuposa pamenepo, kuwerengera pa tsiku limene inapangidwa, imakuvuta kulowetsa m'dziko. Ma Leaf otchipa kwambiri aja, a batire la 24 kWh, ambiri anagwa kale ndi lamuloli.

Chomwe chinandibweza kwenikweni ndi chakuti ndikanatumiza ndalama zonse kwa munthu amene sindinamuonepo, kugula batire lomwe ndangoliona pa chithunzi cha dashibodi. Pa galimoto yamagetsi, batire ndilo galimotoyo. Thupi likhoza kunyezimira, mipando kununkhira, koma batire likatopa wagula ngolo. La Leaf lilibe madzi oliziziritsa monga mmene alili magalimoto ena amagetsi, motero kutentha ndi kutchaja mothamanga pafupipafupi kumalikalambitsa msanga.

Apa ndi pomwe mwana wa achemwali anga, amene amakonza mafoni m'tauni, anandithandiza. Anandipezera kachipangizo ka OBD2, kakang'ono ngati bokosi la machesi, n'kundiikira pulogalamu ya LeafSpy mu foni. Kachipangizoka umakalowetsa pansi pa chiwongolero, ndipo foni imakuonetsa zomwe batire likunena lokha: SOH, kutanthauza mphamvu yomwe yatsala poyerekeza ndi pamene linali latsopano, kuti latchajidwa kangati mothamanga ndi kangati pang'onopang'ono, komanso ngati magulu 96 a maselo ake (timabatire ting'onoting'ono ta mkati mwake) ali ofanana mphamvu kapena ena anafooka. Anandiphunzitsa madzulo amodzi, titakhala pakhonde, iye akubwereza kuti, "Amalume, musayang'ane timizere tokha. Kamzere koyamba kamazimitsika batire litatsika kale kufika cha m'ma 85 peresenti."

Loweruka lotsatira tinayenda ndi amalume m'ma car sale. Pamalo oyamba panali Leaf yoyera, yotsukidwa mpaka matayala. Timizere tonse 12 tinali mbee. Nditatulutsa kachipangizo kaja, mnyamata wogulitsa anasintha nkhope n'kunena kuti abwana salola kulumikiza zinthu pa galimoto. Amalume anangondikoka dzanja, "Tiye." Sindikunena kuti panali chinyengo, sindinaone. Koma n'zodziwika kuti kompyuta ya batire imatheka kuifufuta kuti timizere tibwerere pa 12 kwa kanthawi, kenako n'kudzagwa galimoto ili kale pakhomo pako. Wokana kuyezedwa ndinamusiya ndi katundu wake.

Yachiwiri inali ya 30 kWh. Mwiniwake analola, foni inaonetsa 64 peresenti. Anali munthu wachilungamo ndipo mtengo anatsitsa, koma nditawerengera ulendo wa ku Msasa, kukatenga ana, ndi masiku omwe magetsi sabwera, ndinaona kuti ndizidzakhala ndi mtima m'mwamba tsiku lililonse.

Imene ndinagula ndinaipeza kwa mayi wina wa ku Hatfield amene ankasamuka. Ndi ya 2018, ya 40 kWh. Mayiyu anandipatsa kiyi n'kuti, "Yezani zonse zomwe mukufuna, bambo." SOH inali 86. Sindinakhutire ndi nambalayo yokha. Ndinapempha kuti tiyende nayo, ndipo tinalowa msewu wa Seke mpaka ku Chitungwiza n'kubwerera, foni ili pa ntchafu za amalume. Pokwera mtunda ndinaponda kwambiri kuti tione ngati pali selo lomwe lingagwe kusiya anzake. Timizere ta maselo tinatsika limodzi n'kukwera limodzi. Makilomita omwe tinayenda anagwirizana ndi magetsi amene anatha. Amalume nawo anachita mbali yawo: anagona pansi kuyang'ana dzimbiri ndi ngati chikwama cha batire chinagundidwapo, anagwedeza mawilo, anayeza ndi batire laling'ono la 12V, lomwe anthu amaliiwala koma likafa galimoto yonse siyaka. Atadzuka anasasa fumbi n'kuti, "Pansipa ndi galimoto ngati ina iliyonse." Ndinaona kuti mtima wawo wakhala pansi.

Ndinalipira zochulukirapo kusiyana ndi mmene ndikanaitanitsira ndekha. Ndalama yapamwambayo sindiidandaula, chifukwa ndinagula chinthu chomwe ndinachigwira ndi manja.

Za mapepala sizinali zachilendo. Ndinaonetsetsa kuti dzina la m'buku la galimoto ndi la mayiyo, nambala ya chesisi ikufanana, ndiponso pali umboni woti ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, inalandira msonkho pamene galimotoyo inkalowa. Tinalemba pangano la malonda, tinapita kupolisi yoona za magalimoto obedwa ku Southerton, ndinalipira msonkho wosinthira umwini ku ZIMRA, kenako ku CVR kolembetsera magalimoto, inshuwalansi ndi laisensi ya msewu ku ZINARA. Pamafunika kuleza mtima ndi nsapato zabwino basi.

Chimene ndikufuna wina aliyense asachinyozere ndi chingwe chotchajira. Chomwe chimabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan chinapangidwira magetsi a kumeneko, a 100 kapena 200 volts, pomwe athu ndi 220 mpaka 240. Anthu ena amangodula pulagi n'kuikapo yathu ya mano atatu. Ine ndinakana, chifukwa m'nyumba mwanga mumagona ana. Ndinagula chingwe choyenera magetsi a kuno chokhala ndi mutu wa Type 1, umene umalowa pa Leaf ya ku Japan, ndipo ndinaitana wodziwa zamagetsi kuti akoke waya wakewake kuchoka pa bokosi lalikulu kufika pomwe galimoto imagona. Soketi wamba ikamakoka magetsi maola ambiri osapuma imatentha. Pakamwa pena pa Leaf, potchajira mothamanga, ndi pa mtundu wa CHAdeMO, choncho musanadalire malo otchajira a m'tauni, kafunseni ngati ali ndi mutu umenewo.

Funso lomwe aliyense amandifunsa kutchalitchi ndi la ZESA, kampani ya magetsi. Masiku omwe magetsi akuvuta kwathu amabwera cha m'ma 10 usiku n'kuchoka mbandakucha. Ine ndimalumikiza galimoto ndikangofika, magetsi akabwera imayamba yokha ife tili m'tulo. Pa 10 amps imalandira pafupifupi mayuniti awiri pa ola, ndipo ulendo wanga wa tsiku umadya mayuniti osapitirira 10, ndiye maola asanu amabweza zomwe ndawononga. Usiku wina magetsi sabwera n'komwe. Pamenepo ndi pomwe 86 ija imagwira ntchito, chifukwa ndimatha masiku atatu ndisanayambe kuda nkhawa. Tokeni ya ZESA inakwera ndithu, koma siyafika pomwe petulo ankandifikitsa.

Mwezi watha kunagwa maliro kumudzi ku Dedza. Mayi a ana anafunsa ngati tingapite pa galimoto yathu. Ndinawerenga: kufika ku Nyamapanda kokha ndi makilomita oposa 200, kutsogolo kuli Tete ndi kutentha kwake. Tinaitchaja kufika theka, poti batire silifuna kukhala lodzaza masiku ambiri lisakuyenda, tinaisiya pamthunzi kiyi ali ndi amalume, ife n'kukakwera basi.