Buledi wa kwacha, ufa wa madola: kuunika bizinesi mkati ndi kunja musanalembe mapulani

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino idatsitsa mphamvu ya kwacha, ndipo dola imodzi yomwe inkagulitsidwa pa K1,180 idafika pa K1,700. Aliyense wophika buledi adalandira nkhani yomweyo tsiku lomwelo. Komatu si onse adapweteka mofanana. Wina anali ndi ufa wa masabata atatu m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo ogula ake ankalipira pompopompo. Mnzake anali ndi ufa wa masiku awiri okha, ndalama zake zili m'manja mwa eni magolosale omwe adatenga buledi pa ngongole. Chimphepo chidali chimodzi, koma madenga adali osiyana. Kuunika bizinesi ndi ntchito yodziwa chimphepo ndi denga lomwe, kenaka n'kuona pomwe ziwirizi zikumana.

Ambiri adamvapo za SWOT, kabokosi ka zigawo zinayi: mphamvu, zofooka, mipata ndi ziopsezo. Ziwiri zoyambazo n'za mkati mwa kampani, zinazo n'za kunja. Kabokosiko kalibe vuto. Vuto lili pa zimene anthu amalembamo. Pa mphamvu amalemba "antchito olimbikira", pa zofooka "kuchepa kwa mpamba", pa mipata "msika waukulu", pa ziopsezo "kukwera mitengo kwa zinthu". Mawu amenewa angakwane pa chigayo, pa sukulu ya mkaka ngakhalenso pa kampani ya mabasi. Chimene chikukwana paliponse sichikukuuzani kanthu za bizinesi yanu. Ine ndimaona kuti mzere uliwonse wa m'kabokosimo uyenera kukhala ndi nambala, ndipo nambalayo ifike pa buledi mmodzi: chinthuchi chikuwonjezera kapena kuchotsa makwacha angati pa buledi aliyense wotuluka mu uvuni?

Poyamba siyanitsani bwino za mkati ndi za kunja, chifukwa anthu amazisokoneza kawirikawiri. Funso lake ndi losavuta: kodi mwini bizinesi angathe kusintha chinthuchi Lolemba m'mawa atafuna? Kuthima kwa magetsi sangakusinthe, ndiye n'kwakunja. Kusowa jenereta angakusinthe, ndiye n'kwamkati. Kukwera kwa dola n'kwakunja, koma kusunga ufa wa masiku awiri okha ndi chisankho cha mwini. Amene amalemba zonsezi pansi pa ziopsezo amakhala akudzichotsera mlandu, ndipo mapulani ake amathera pa kudandaula.

Za mkati yambani ndi sikelo, osati msonkhano. Thumba la ufa wa tirigu la makilogalamu 50 limamwa madzi pafupifupi malita 30. Mukathira yisiti, mchere, shuga ndi mafuta, mtanda wake umafika cha m'ma kilogalamu 84. Buledi amataya kulemera mu uvuni chifukwa madzi amauluka, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono, choncho wofuna buledi wa magalamu 700 amadula mtanda wa magalamu pafupifupi 800. Ndiye kuti thumba limodzi liyenera kutulutsa mabuledi 105. Tsopano imani pafupi ndi wodula mtanda nthawi ya 3 koloko m'bandakucha, tulo tili m'maso, oda ikudikira. Sayika chidutswa chilichonse pa sikelo. Amangoyeza ndi dzanja, ndipo dzanja limakonda kupitirira. Akamadula magalamu 830, thumba lija litulutsa mabuledi 101. Anayi asowa. Pa matumba 20 patsiku ndi mabuledi 80 operekedwa ulere, ndipo palibe amene waba kanthu. Chofooka chotere sichingatuluke pa msonkhano wa mabwana. Chimatuluka mukawerenga matumba olowa ndi mabuledi otuluka kwa masiku 14 otsatizana, gulu la usiku palokha, la masana palokha.

Nambala yachiwiri ndi ya buledi wobwerera. Galimoto ikapita kukagawa, imabwerako ndi wadzana yemwe sadagulidwe. Musawerenge wobwererayu mophatikiza. Muwerengeni pa msewu uliwonse ndi pa golosale iliyonse. Nthawi zambiri mupeza kuti magolosale ochepa chabe ndiwo akubweza wochuluka, chifukwa woyendetsa galimoto amawasiyira wambiri kuti aoneke ngati wagulitsa. Ngati amalandira kangachepe pa buledi amene wasiya osati amene walipiridwa, vutolo mwalipanga nokha ndi kalipiridwe kanu.

Yachitatu, yomwe imapha mabizinesi ambiri ooneka athanzi, ndi masiku amene ndalama imatenga kuti ibwerere. Wogulitsa ufa amafuna ndalama musananyamule thumba. Sitolo yaikulu imatenga buledi lero n'kulipira pakatha masiku 30. Pakati apo mukhala mukudyetsa sitoloyo ndi mpamba wanu, kapena ndi ngongole ya kubanki. Mu 2024 chiwongola dzanja chomwe banki yaikulu imayika chidali pa 26 peresenti, ndipo mabanki obwereketsa ankawonjezera pamenepo. Kasitomala wamkulu amene aliyense amanyadira pa msonkhano angakhale ndiye akukudyani kwambiri. Tengani ndalama zomwe ali nazo pa nthawi iliyonse, muwerengere chiwongola dzanja chake pa mwezi, mugawe ndi mabuledi omwe amatenga. Mudziwa phindu lenileni la oda yakeyo.

Pa mphamvu pafunika kuuma mtima pang'ono. Chinthu chimakhala mphamvu pokhapokha ngati wopikisana naye alibe, ndipo sangachipeze msanga. Uvuni watsopano si mphamvu ngati mnzanu angakagule wotero mwezi wamawa. Buledi wokoma si mphamvu ngati wogula sangamusiyanitse ndi wa mnzanu atachotsedwa m'pepala. Koma galimoto yomwe kwa zaka zisanu yakhala ikufika pa magolosale 60 a ku Ndirande kapena ku Kawale isanakwane 6 koloko, osaphonya, eni magolosale n'kumadziwa woyendetsa ndi dzina, imeneyo ndi mphamvu, pakuti wobwera kumene sangaigule ndi ndalama. Dziwaninso kuti mphamvu imene ili m'mutu mwa munthu mmodzi ndi chofooka chobisala. Ngati ndi mkulu mmodzi yekha amene amadziwa kusintha madzi ndi yisiti nyengo ikatentha mu Okutobala kapena ikazizira mu Juni, tsiku lomwe adzapite kumaliro kumudzi buledi adzatuluka ngati njerwa.

Za kunja zili m'mizere iwiri: zakutali zomwe zimakhudza dziko lonse, ndi zapafupi za pamsika wanu. Zakutalizo akatswiri amazigawa m'magulu a ndale, chuma, chikhalidwe, luso la makono, chilengedwe ndi malamulo. Musavutike kudzaza gulu lililonse. Kwa wophika buledi kuno, zolemera ndi zitatu kapena zinayi basi.

Choyamba ndi dola. Tirigu wolimidwa m'dziko muno ndi wochepa kwambiri; pafupifupi yense amene amagayidwa amachokera kunja, kudzera m'madoko monga Nacala ndi Beira. Ndiye buledi amagulitsidwa m'makwacha koma ufa wake ndi wa madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 mtengo wa tirigu udakwera padziko lonse, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti. Kulemba kuti "kugwa kwa kwacha" pa ziopsezo sikokwanira. Tengani ndalama zonse zomwe zimalowa pophika buledi mmodzi, muzigawe pawiri: zotsatira dola, monga ufa, yisiti, dizilo, mapepala okulungira ndi zipangizo za makina, ndi zosatsatira dola msanga, monga malipiro ndi lendi. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse, K60 ikutsatira dola, pomwe K40 yotsalayo sikutsatira. Dola ikakwera ndi 44 peresenti, K60 ija isanduka K86, ndipo buledi wa K100 afika pa K126. Ngati phindu lanu lidali K10 pa buledi, mwayamba kale kuluza musanasinthe mtengo. Masamu awa amatenga theka la ola, koma ndi ochepa amene amawachita kwacha isanagwe.

Chachiwiri ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kwa wophika buledi, kuthima kwa magetsi sikungochedwetsa ntchito. Mtanda sudikira. Ukafufuma uyenera kulowa mu uvuni. Ukakhalitsa m'zitini umapitirira, umayamba kununkha chowawasa, kenaka umafwerera pakati, ndipo ufa wonsewo wapita. Jenereta ya dizilo imamwa pafupifupi malita 0.3 pa yuniti iliyonse ya magetsi, choncho uvuni wa makilowati 20 ukamayaka mokwanira udya malita ngati 6 pa ola. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo, mugawe ndi mabuledi omwe uvuniwo umatulutsa pa ola. Ndipo musaiwale kuti dola ikasowa dizilo nayenso amasowa. Jenereta yopanda dizilo wosungira ndi chitsulo chabe.

Malamulo nawo amalowa mu mtengo. Malipiro otsikitsitsa adachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, ndipo lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito aziwonjezera 10 peresenti ya malipiro. Palinso ziphaso za khonsolo ndi za Malawi Bureau of Standards. Izi sizibwera mwadzidzidzi ngati namondwe. Zimalengezedwa, makamaka nthawi ya bajeti, ndiye wodabwa nazo ndi amene sadamvetsere.

Zapafupi adaziyala bwino Michael Porter, katswiri wa za bizinesi wa ku yunivesite ya Harvard, mu 1979, pomwe adati phindu la pamsika uliwonse limapanikizidwa kuchokera mbali zisanu: opikisana nawo omwe alipo kale, atsopano amene angalowe, ogulitsa zipangizo, ogula, ndi zinthu zina zomwe zingalowe m'malo mwa katundu wanu. Pa buledi, ogaya tirigu ndi ochepa pomwe ophika ndi ambiri, choncho mtengo wa ufa mumauzidwa, simukambirana. Masitolo akuluakulu ambiri ali ndi mauvuni awo, kutanthauza kuti kasitomala wanu ndi wopikisana nanu yemwe. Kulowa pamsika wa masikono ndi mabanzi n'kosavuta; uvuni wa njerwa ndi njinga zakwana.

Koma mbali imene ophika amaiwala kwambiri ndi yachisanu ija. Wopikisana wamkulu wa buledi si buledi wa kampani ina. Ndi mbatata. Mayi wa ana anayi akaima pa golosale m'mawa, sayerekeza buledi wanu ndi wa mnzanu; amayerekeza buledi mmodzi ndi mulu wa mbatata, chinangwa chophika, zitumbuwa, mandasi kapena phala la mgaiwa, n'kuona chomwe chikhutitse ana mpaka masana. Mbatata ikachuluka pamsika nthawi yokolola, tiyi amamwera mbatata. Apa m'pamene pali denga la mtengo wanu. Mungathe kukweza buledi ndi K26 ija kuti mubweze zomwe dola yadya, koma ogula ena sadzapita kwa mnzanu, adzangosiya buledi. N'chifukwa chake wounika msika wa buledi ayenera kulemba mtengo wa mulu wa mbatata ndi wa ndowa ya chimanga mwezi ndi mwezi, pambali pa mtengo wa ufa. Nthawi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndalama ya m'nyumba imathera ku chimanga, ndipo buledi amakhala wa pa Sabata.

Zonsezi zikasonkhanitsidwa, ntchito yeniyeni ndi kulumikiza. Tengani chiopsezo chimodzi, mufunse kuti chilowera pa chofooka chiti. Kugwa kwa kwacha kumalowera pa ufa wa masiku awiri ndi pa ngongole za masiku 30. Choncho chochita si kupempherera kwacha, koma kufupikitsa masiku a ngongole, kusiya makasitomala olipira mochedwa ngakhale ali a dzina, ndi kusandutsa ndalama yobwerayo kukhala ufa wa masabata atatu kapena anayi. Osapitirira kwambiri apo, chifukwa ufa ukakhalitsa m'chinyezi umagwira anankafumbwe ndi nkhungu. Uyikeni pa mathandala, kutali ndi khoma, woyamba kulowa ukhale woyamba kutuluka. Kenaka tengani mpata, mufunse kuti mphamvu iti ingaugwire. Ngati ogula akuthawa buledi wamkulu chifukwa cha mtengo, ndipo inu muli ndi galimoto yofika pa magolosale 60 m'mamawa, mpata wanu ndi wa mabanzi ndi masikono a mtengo woti munthu atulutse m'thumba osaganiza kawiri. Mpata umene mulibe mphamvu youfikira, monga kugulitsa makeke a ukwati pomwe mulibe wodziwa kukongoletsa, ufufuteni. Ndi mpata wa wina.

Pamapeto pa kuunikaku pasatuluke zochita khumi ndi ziwiri. Zitatu zakwana, chilichonse chili ndi mwini wake, tsiku lake ndi nambala yoti ifikidwe: mabuledi 104 pa thumba pofika kumapeto kwa mwezi, wobwerera asapose atatu pa 100 alionse, ngongole zisapitirire masiku 14. Lembaninso zizindikiro zomwe zidzakuuzeni kuti mukhalenso pansi chaka chisanathe. Mizere ikayamba kutalika pa malo omwetsera mafuta, kapena wogulitsa ufa akayamba kunena kuti mtengo wa lero ndi wa lero lokha, kapena dola ya pamsika wamseri ikatalikirana kwambiri ndi ya kubanki, tulutsani pepala la K60 ndi K40 lija muwerengenso sabata yomweyo.