Siginecha ya a Achebe ya ku Limbe

Matenda otolera mabuku akale ndinawatengera pa intaneti. Ndinawerenga kuti Things Fall Apart ya Chinua Achebe itatuluka koyamba ku London mu 1958, a Heinemann anasindikiza makope 2,000 okha, ndipo kuti limodzi mwa amenewo likapezeka ndi siginecha ya mlembi wake, anthu a ndalama amalilimbirana. Chiyambire tsikulo sindinkadutsa mulu wa mabuku osaima.

Loweruka lina ku Limbe, pakhonde la sitolo, ndinaliona litapanikizika pakati pa mabuku a masamu. Chikuto cha olenji, m'mbali modyedwa ndi mphemvu. Kutsegula, chaka chija: 1958. Patsamba loyamba, ndi bolopeni ya buluu, dzina la a Achebe lopotokolapotokola, chaka chomwecho pansi pake. Mawondo anga anayamba kuombana.

"Zingati ili, achimwene?" ndinafunsa ndikuyasamula dala, kuti asandione njala.

"Limenelo ndi lapadera, bwana. K45,000."

Sindinanenerere n'komwe, ine amene ndimakangana ndi ogulitsa tomato. Ndalamayo inali yoonjezera pa feteleza. Kunyumba ndinauza mayi a ana kuti aiwale za khasu, tikugula galimoto. Bukulo ndinalikulunga m'jumbo ziwiri n'kulibisa m'sutikesi, ana osaloledwa ngakhale kutsokomola pafupi.

Lamulungu kunabwera alamu anga, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma ntchito. Ndinawasambitsa m'manja kaye. Anavala magalasi, n'kulitembenuza kawiri.

"Alamu, la 1958 linali la chikuto cholimba. La olenjili ndi la African Writers Series, ndipo mndandanda umenewo unayamba mu 1962. Ndiye a Achebe anasaina bwanji buku lisanabadwe?"

Anandilozera mzere wa 1958 uja. Pansi pake panali mizere ina ya tizilembo ting'onoting'ono, zaka zimene analisindikizanso, ndandanda ngati mayina a ongongola pagolosale. Ine ndinali nditawerenga mzere woyamba wokha. Kenaka anakweza tsamba lomaliza padzuwa, pakuoneka chidindo cha laibulale ya sukulu chofufutidwa ndi tipekisi.

Mayi a ana sanakalipe. Anangofunsa mwaulemu kuti galimotoyo tiziimika mbali iti.

Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi mtima uli phuphuphu, mawu okalipira nditawakonza kale. Ndinamupeza mnyamata uja atakhala pakatoni, lilime lili panja, bolopeni ya buluu m'manja, buku la Macbeth la William Shakespeare pabondo. Atandiona anamwetulira ngati waona mbale wake.

"Bwana, mwafika bwino! A Shakespeare atsala pang'ono kumaliza. Alembe dzina lanu kapena la madamu?"