Anyezi ndi adyo wanga wa kuseri kwa nyumba kuno ku Thyolo

Chaka choyamba nazale yonse ya anyezi inandifera, ndinafesa mu February mvula idakali pakati ndiye timbande tinangowola m'tsinde nkugona tonse, zinandiwawa zedi poti mbewu ya Red Creole ija ndinachita kukwerera minibasi mpaka ku Limbe. Agogo ena apafupi omwe amagulitsa masamba pa Bvumbwe atabwera kudzaona anati "mwanangu wafulumira, dikira mvula ikate kaye, komanso dothi lathu lofiirali ndi la tiyi, anyezi salikonda ukapanda kuthira phulusa."

Ndiye chaka chinacho ndinadikira kumapeto kwa March. Ndinaunda bedi lokwera kuti madzi asamadikhe, nkusakaniza phulusa la kukhitchini ndi manyowa a mbuzi owolerana bwinobwino, osati aawisi ayi amawotcha. Ndinafesa m'timizere nkuphimba ndi udzu, zitangomera udzu ndinachotsa. Patatha masabata 7 mbande zitanenepa ngati pensulo ndinawokera madzulo, motalikirana masentimita 10, osazika kwambiri chifukwa anyezi amakula bwino mutu ukamaonekera pamwamba.

Adyo ndiye savuta, alibe za nazale. Mu April ndinagula wamng'onomng'ono wofiirira uja wa pamsika, ndinamuphwanya nkusankha tizidutswa tonenepa tokhatokha, kosongoka kuyang'ana kumwamba, kuzika pafupifupi theka la chala basi.

Pomwe ndinavutika ndi June ndi July nthawi ya chiperoni, masamba amakhala onyowa tsiku lonse ndipo anayamba timawanga tofiirira. Ndinasiya kuthirira madzulo, ndimathirira mmawa komanso pansi penipeni osanyowetsa masamba, odwalawo nkumathothola kukataya kutali, zinachepa ndithu. Kupalira ndimachita ndi manja, khasu limadula mizu poti imakhala pamwamba.

Chakumapeto kwa September makosi a anyezi atayamba kugwa ndinaleka madzi masabata awiri, ndinazula pamodzi ndi adyo nkuyanika pakhonde pamthunzi mpaka makoko auma, kenako kumanga mitolo nkupachika kudenga la khitchini. Tinadya mpaka January osagula.

Pakona ndinaikanso kabedi ka katsitsumzukwa, uyu amafuna mtima wautali, zaka ziwiri zoyamba sudula olo kamodzi kuti mizu ilimbe. Mphukira zatuluka zonenepa bwino sabata ino, ana akufuna tilawe koma ndawauza kuti chaka chamawa.