Kodi "bambo kulibe" ndi tchimo?

Wangongole akagogoda ambiri timatuma mwana kuti kawauze bambo kulibe, bambowo ali phee kuchipinda. Mu minibasi ndiye osanena, munthu akuti "ndafika pa Ginnery Corner" tikadali ku Limbe kondakitala akuitanirabe, ndipo palibe amatembenuka, tinazolowera.

Koma akhristu akale nkhani ya bodza sankaitenga mwachibwana. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno yemwe anamwalira mu 430, ankati bodza ndi bodza basi ngakhale ukufuna kupulumutsa munthu amene akusakidwa kuti aphedwe, utha kukhala chete, utha kukana kuyankha, koma osanena zomwe mtima wako ukudziwa kuti si zoona. Nanga azamba aja a pa Eksodo 1, Sifra ndi Puwa, omwe ananamiza Farao kuti akazi achihebri amachira ife tisanafike, bwanji Mulungu anawadalitsa? Augustine ankayankha kuti anadalitsidwa kamba ka chifundo chawo pa makanda aja osati kamba ka bodzalo. Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy, cha m'ma 1200 anadzagawa bodza patatu, la nthabwala, lothandiza munthu ndi lopweteka munthu, akuti onsewo ndi machimo kungoti si onse aakulu.

Ine kunena chilungamo Augustine sindimutsata mpaka kumapeto. Achiwembu abwere ndi zikwanje usiku kufunsa komwe kwabisala mchemwali wanga, ndinama ndithu, zinazo tikakamba ndi Mulungu.

Chomwe chimanditopetsa ndi momwe timathamangira kwa Rahabu pa zokambirana za Baibulo, wina akangoti bodza ndi tchimo pomwepo "nanga Rahabu?" Abale, Rahabu pobisa azondi aja ku Yeriko anaika moyo wake pachiswe, mfumu ikanadziwa zake zikanada. Azamba aja chimodzimodzi. Ife bodza lathu likupulumutsa ndani, si thumba lathu lomwe?

Ndiye amene amalipira ndi wina. Amayi a pa benchi ku Ndirande anakukongoza tomato ndi mafuta ophikira mwezi watha chifukwa mumapemphera limodzi, lero abwera pakhomo mwana akuti kulibe koma nsapato zako akuziona pakhonde, abwerera chimanjamanja ndipo mawa m'mawa alibe yokapikulira katundu. Mwana uja naye wamva zonse, Lamulungu ukamuperekeza ku Sande sukulu akukamuphunzitsa za Hananiya ndi Safira, aja anafa chifukwa chonama.