Mmene Cassini inajambulira Saturn ndi miyezi yake

Anthu ambiri akaona zithunzi za pulaneti ya Saturn ndi mikombero yake, amaganiza kuti zinajambulidwa ndi kamera yamphamvu kwambiri. Zoona zake n'zakuti makamera awiri amene anali pa chombo cha Cassini, ina yokokera pafupi zinthu zakutali ndi ina yoona dera lalikulu, ankajambula chithunzi cha timadontho 1,024 m'litali ndi 1,024 m'lifupi, moti foni wamba ya masiku ano imawaposa kutali. Chombochi chinanyamuka ku Cape Canaveral pa 15 Okutobala 1997 ndipo chinayamba kuzungulira Saturn pakati pa chaka cha 2004, mu ntchito imene bungwe la NASA linagwira pamodzi ndi bungwe la ku Ulaya la ESA komanso la ku Italy. Pa ulendo wake wonse chinatumiza zithunzi zoposa 450,000. Mmene ndikuonera, phindu la zithunzizi linachokera pa luso la anthu amene ankasankha malo oti chombo chidutse ndi mbali imene dzuwa likhale pa nthawi yojambula.

Kujambula kumeneko n'kovuta, chifukwa Saturn ili kutali ndi dzuwa kuwirikiza ka 9 ndi theka poyerekeza ndi dziko lathu, ndipo kuwala kofika kumeneko n'kochepa pafupifupi ka 90. Palibenso amene akanayang'ana m'kamera n'kudina batani, popeza uthenga wa wailesi unkatenga nthawi yoposa ola limodzi kuti ufike. Gulu loyang'anira makamera, lomwe ankalitsogolera mayi Carolyn Porco, linkalemberatu malangizo onse kudakali nthawi, ndipo zithunzi zinkalandiridwa ndi madishi akuluakulu a ku Goldstone, Madrid ndi Canberra. Chithunzi chilichonse chinkabwera chopanda mitundu. Pofuna mitundu, ankajambula malo amodzi katatu kudzera m'magalasi osefa kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kenaka n'kuphatikiza zitatuzo pa kompyuta. Ena akamva zimenezi amati zithunzizo n'zabodza, koma sindigwirizana nawo, pakuti diso la munthu nalonso limaona mitundu mwa njira yofananayo. Chofunika n'kuwerenga mawu a m'munsi mwa chithunzi, chifukwa zina amazikoleza mitundu dala kuti kusiyana kwa malo kuonekere.

Nkhani ya mwezi wa Enceladus ndiyo imaonetsa bwino mfundo yangayi. Mweziwu ndi waung'ono, wa makilomita pafupifupi 500 kuchoka mbali ina kufika inzake, ndipo wonse ndi wokutidwa ndi madzi oundana oyera mbee. Chombo cha Voyager 2 chitadutsa mu 1981 chinaona kuti madera ena alibe maenje amene miyala ya m'mlengalenga imasiya ikagwa, chizindikiro chakuti pali chinachake chimene chimasalaza pamwamba pake. Mu 2005 Cassini inapeza ming'alu inayi kum'mwera kwenikweni kwa mweziwo, uliwonse wotalika makilomita pafupifupi 130, ndipo inali yofundirapo kuposa malo oyandikana nayo. Koma chithunzi chimene chinaonetsa poyera kuti mweziwo ukutulutsa madzi oundana chinajambulidwa mu Novembala chaka chomwecho, dzuwa lili kuseri kwa mweziwo. Aliyense amene anasesapo m'nyumba m'mawa amadziwa kuti fumbi silioneka kufikira litadutsa pamene kuwala kwa dzuwa kwalowera pa zenera, ndipo ndi mmenenso zinachitikira pamenepa: tizidutswa ta madzi oundana timene tinkabisika dzuwa likakhala kumbuyo kwa kamera, tinaonekera tikufwamphuka m'ming'alu ija n'kukwera makilomita mazanamazana. Pofika 2014 akatswiri anali atawerenga akasupe oterewa okwana 101, ndipo zinadziwika kuti tizidutswa tina tothawa pamenepo ndi timene timapanga mkombero wosaoneka bwino wotchedwa E.

Ntchito imene ndimaigomera kwambiri inalibe chithunzi chimodzi chokongola choti n'kuika pa khoma. Akatswiri anatenga zithunzi za zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, n'kumayeza mosamala pamene maenje ndi zizindikiro zina zinali pa chithunzi chilichonse, ndipo anapeza kuti Enceladus imagwedera pang'ono ikamazungulira Saturn. Kugwederako kunali kwakukulu kuposa mmene kukanakhalira chikhala kuti chikhokho cha madzi oundana n'chomatirira ku thanthwe la m'kati. Motero mu 2015 analengeza kuti pansi pa chikhokhocho pali nyanja yozungulira mwezi wonse, nyanja imene palibe kamera inaionapo.

Mikombero nayonso inaulula zinsinsi zake chifukwa cha mithunzi. Mikombero ikuluikulu ndi yotambasuka makilomita oposa 270,000, koma m'malo ambiri kuchindikala kwake ndi mamita 10 okha. Mu Ogasiti 2009 dzuwa linafika polunjika m'mphepete mwa mikomberoyo, zimene zimachitika kamodzi pa zaka pafupifupi 15, ndipo chilichonse chotumphuka chinaponya mthunzi wautali. Poyeza mithunziyo anapeza milu ya madzi oundana yotalika mpaka makilomita awiri ndi theka m'mphepete mwa mkombero wa B. Anaonanso mafunde amene kamwezi ka Daphnis, ka makilomita pafupifupi 8, kamautsa mbali zonse ziwiri za mpata umene kamadutsamo.

Miyezi ina ndingoitchula mwachidule. Iapetus ili ndi mbali imodzi yakuda bii ndi ina yoyera, zimene katswiri wa zakuthambo Giovanni Domenico Cassini anaziganizira ataiona m'zaka za m'ma 1670, ndipo chombo chotchedwa dzina lake chinawonjezera kuti pakati pa mweziwo pamadutsa mtandadza wa mapiri. Titan ndi yokutidwa ndi nkhungu yochindikala, moti nyanja zake za methane, mpweya umene kumeneko umakhala ngati madzi chifukwa cha kuzizira, anazipeza ndi rada. Chithunzi cha pa 19 Julayi 2013, chimene dziko lathu likuoneka ngati kadontho pansi pa mikombero, ndicho chinafala kwambiri pa intaneti, ngakhale kuti kwa ine phindu lake lenileni ndi mikombero ya fumbi imene inawala Saturn itaphimba dzuwa.

Zimene zinapezeka ku Enceladus ndizo zinagamula mathero a chombochi. Mafuta owongolera atatsala pang'ono kutha, akuluakulu a ntchitoyi anaopa kuti tsiku lina chingadzagwere pa Enceladus kapena Titan n'kusiyapo tizilombo tochokera kuno. Choncho anachidutsitsa maulendo 22 pakati pa Saturn ndi mikombero yake, kenaka pa 15 Seputembala 2017 anachilowetsa mu mpweya wa pulanetiyo mmene chinapsera.