Fisi wanga anakweza lendi

Kwa inu amene simunaonepo, Dungeons & Dragons ndi masewero a nthano yofotokozedwa ndi anthu angapo nthawi imodzi. Mumakhala mozungulira, mmodzi ndiye woyendetsa, timamutcha DM, ndipo otsalawo aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nthanomo wolembedwa papepala. Ukanena kuti "ndilumpha mtsinje", DM sakangana nawe, amangoti ponya dayisi. Dayisi yake si ya ludo ija, koma ya mbali 20, ndipo ikagwa pa 1 umadziwiratu kuti ng'ona zadya bwino lero. Masewerowa anayambira ku America mu 1974. Kwathu ku Kapata, ku Chipata, anafika ndi msuweni wanga, amene tinamutumiza ku Lusaka kukaphunzira za makompyuta, iye n'kubwerako ndi kathumba ka madayisi, satifiketi akuti ikubwera.

Chimene chinkandivuta poyamba ndi mitundu ya anthu yomwe umasankhapo. Pali elf, wamakutu osongoka, wokhala ndi moyo zaka zoposa 700 koma osamanga ngakhale nyumba yamalata. Pali dwarf, wamfupi, wandevu, wokumba migodi. Ine mwana wa ku Chipata ndiwadziwira kuti amenewa? Koma chitulukire malamulo a masewerowa a mu 2014, eni masewero akhala akuwonjezera mitundu yachilendo. Mu 2017 analola kuti usewere ngati tortle, munthu wachikamba, amene nkhondo ikavuta amangolowa m'chigoba. Mu 2018 kunabwera loxodon, wamutu wa njovu, chitamba chake chogwira ntchito. Mu 2021 kunatuluka harengon, kalulu woyenda ndi miyendo iwiri, pamodzi ndi owlin, kadzidzi wouluka mosamveka. Mu 2022 mvuu nayo inapatsidwa malo, akuti giff, ndipo pazifukwa zodziwa okha anaipatsa chikondi cha mfuti.

Kalulu, kamba, njovu, mvuu. Ndinati anthu awa ankabisala kuseri kwa khitchini ya agogo anga n'kumamvetsera. Bwalo lonse la nthano zathu lapatsidwa mipando, kupatula munthu mmodzi: fisi. Alimo ndithu m'masewerowa, amamutcha gnoll, koma ntchito yake ndi kukhala chilombo, akuti anachokera kwa chiwanda, ndipo amangotulukira kuti aphedwe. Agogo anamunyoza, azungu nawo amunyoza. Zinandiwawa.

Ndiye ndinaganiza zomulembera mtundu wake ndekha, monga amachitira a DM ambiri. Ndinaugwirira ntchito, musaganize kuti ndinangolota. Fisi wamawangamawanga, wa mtundu womwe uli ku South Luangwa kuno, si wotola zotsala chabe. Nyama zambiri amasaka yekha, nsagwada zake zimaswa mafupa, ndipo pagulu lawo amene amalamula ndi akazi, omwenso matupi awo ndi aakulu kuposa amuna. Zonsezi ndinaziika papepala. Fisi wanga amaona mumdima mtunda wa mamita 18. Akadya fupa la mdani amabwezeretsa magazi (mphamvu ya moyo imawerengedwa m'manambala, ife patebulo pathu timangoti magazi, ndipo akafika pa 0 wagwa). Kuti asakhale wamphamvu mopitirira, ndinamupatsa chofooka chochokera kwa agogo omwewo: akamva fungo la nyama mbali ziwiri, aziponya dayisi, ndipo akalephera azingoima pamphambano miyendo ili tang'a.

Tsiku loyesa mtunduwu linali Loweruka. Tinalipo anayi. Msuweni wanga anasankha kadzidzi. Mbuya wanga, mnzanga wosekana naye mwa chimbuya, Mbemba wa ku Kasama, amene amagulitsa misomali ku Down Shops, anasankha kamba, poti iye nkhondo amaikonda akakhala m'kati mwa chigoba. Fisi anatenga ndi mtsikana wina wa pa buthi ya mobile money, amene usiku amaphunzira za malamulo, ndipo atangomva kuti akazi ndiwo amalamula sanafunenso kumva zina.

Tsono mumvetse mmene zinthu zinakhalira, chifukwa chilichonse pachokha chinali chosalakwa. Magetsi anazima madzulo. Pa kantemba makandulo oyera anali atatha, ndinagula ofiira. Madayisi akagwa pa simenti mumdima amathawira pansi pa bedi, choncho tinabwereka lichero lomwe linali pakhomo kuti tiziponyeramo. Mapu ndinajambula ndi khala papepala lalikulu. Kadzidzi anaimiridwa ndi nthenga, kamba ndi chitsekerero cha botolo, ndipo fisi, mwachidziwikire, ndi fupa la nkhuku yomwe tinadyera nsima. Chomaliza, chipinda chomwe ndimachita lendi chinalumikizana ndi nyumba yaikulu ya amayi eni malo, ndipo khoma lake silifika kudenga.

M'nthanomo, atatuwa anafika panyumba yogona alendo yomwe mwini wake anali nkhalamba yoipa mtima, yokweza mtengo pakati pausiku. Anthu amandifunsa kuti nkhalambayi ndinaitenga kuti. Wolemba nthano safunsidwa zimenezo.

Cha m'ma 11 koloko nkhondo inali itafika pokoma.

"Ine ndiuluka," anatero msuweni wanga. "Ndikatera padenga la mwini nyumba mwakachetechete, asamve kanthu."

"Ponya m'lichero," ndinatero.

Gobede gobede. 17.

"Wafika. Ali m'tulo."

"Mwini nyumba watsala ndi magazi angati?" anafunsa mtsikana uja.

"Anayi okha."

"Timumalize usiku uno. Mnofu mugawane, koma mafupa ndi anga. Ine ndine fisi."

Kenako anaseka. Ndiyenera kunena kuti mtsikanayu anali atakonzekera. Anakhala sabata yonse akumvetsera kulira kwa afisi pa YouTube. Chiseko chake chinayambira pansi, chinakwera, chinadutsa pamwamba pa khoma lija, ndipo agalu onse a Kapata anayankha.

Kuseri kunamveka chigubu chikugwa, kenako mawu a amayi: "Mwazi wa Yesu! Mwazi wa Yesu!" Chitseko cha kutsogolo chinatseguka, mapazi anathamanga. Ife tinkaganiza kuti kwalowa akuba. Msuweni wanga anatenga mpini n'kutuluka kukathandiza, nthenga ija ili kukhutu, ndipo apa m'pamene amayi anakuwa kachiwiri, mokweza kuposa poyamba. Mbuya wanga, mokhulupirika ku mtundu wake, anali kale pansi pa bedi.

Usiku umenewo amayi anakagona kwa anansi. M'mawa, anthu asanapite kutchalitchi, tinaitanidwa pansi pa mtengo wa mango. Panali atcheya a dera lathu, akulu a mpingo awiri, amayi a chigwirizano atavala kale yunifolomu, ndi ana okwana sukulu yathunthu atakwera pampanda. Pakati panayalidwa mphasa, ndipo pamphasapo panali lichero, zotsala za kandulo yofiira, nthenga, fupa, mapu a khala ndi madayisi asanu ndi awiri, ina yooneka ngati kaphiri kosongoka. Nditaziona zili pamodzi choncho, masana dzuwa likuwala, nanenso ndinachita mantha pang'ono.

Atcheya anavala magalasi n'kutola pepala.

"Mtundu: fisi," anawerenga. Anthu anati hii. "Luso: kuona mumdima. Luso lina: kudya mafupa." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, zolemba izi ndi zako?"

"Ndi zanga, atcheya, koma ndi masewero chabe."

"Masewero. Usiku. M'lichero."

Ndinakana kwa mtu wa galu kuti sitiuluka. Ndinafotokoza za 1974, za dayisi, za magazi kuti ndi manambala. Zinkaoneka ngati zikumveka, mpaka msuweni wanga anaganiza zondithandiza. Anaimirira, manja kumbuyo mwaulemu, nati: "Akuluakulu, musadabwe. Ngakhale ku America komweko, m'zaka za m'ma 1980, makolo ndi mipingo ankanena kuti masewerowa ndi a Satana."

Zimene ananenazo ndi zoona. Anthu kumeneko anachitadi mantha ndi masewerowa nthawi imeneyo, ndipo iye ankafuna kupitiriza kuti mantha aja anali opanda pake. Sanapatsidwe mpata. Mkulu wa mpingo mmodzi anawomba m'manja kamodzi: "Mwamva? Ngakhale eni ake anaona!"

Amene anatipulumutsa ndi fisi. Mtsikana uja anagwada bwinobwino, anapempha kuyankhula, ndipo anakumbutsa bwalo kuti dziko lino lili ndi lamulo la Witchcraft Act, lochokera m'nthawi ya atsamunda, limene limaletsa munthu kudzitcha mfiti, komanso limaletsa kutchula mnzako kuti ndi mfiti. Choncho ngati nkhaniyi ipite kupolisi, iye anali wokonzeka, koma galimoto yake ikhale yaikulu chifukwa tonse tikwera. Pansi pa mango panazizira. Atcheya anatsokomola n'kunena kuti palibe amene watchula mawu amenewo, iwo angobwera kudzamva.

Ndiye anafunsa funso lomwe ndinkalidikira: "Koma bwanji fisi? Nyama zonsezi?"

Ndinatsegula mtima wanga. Ndinanena za kalulu amene wakhala akunamiza anthu kuyambira kalekale koma wapatsidwa mpando mu 2021. Ndinanena za mvuu, imene asodzi a ku Luangwa amaiopa kuposa fisi, koma yapatsidwa mfuti. Ndinati fisi ndi mlenje, ndi wosamala ana, ndipo kwawo amalamula ndi akazi. Apa amayi a chigwirizano anayang'anana, wina anati "Eya, nyama yanzeru," ndipo ndinaona kuti theka la bwalo labwera mbali yanga. Koma agogo ena aamuna amene anali chete nthawi yonseyi anagogoda ndodo pansi.

"Ine ndakula ndi mbuzi," anatero. "Fisi sapatsidwa mpando."

Chigamulo chinali chotere: fisi waletsedwa, kadzidzi waletsedwa, lichero libwerere kwa mwini wake ndipo ndigule lina chifukwa ilo sangapeterenso mpunga. Tizisewera masana, panja, aliyense akuona. Mwini nyumba wa m'nthano achire, ndipo amayi anaumirira kuti ndilembe pamaso pawo kuti magazi ake abwerera pa 40. Ndinalemba. Anati ndiwonjezere 10 ya chipepeso.

Loweruka lotsatira tinafunika mtundu watsopano wosaopsa aliyense, ndipo mbuya wanga anabwera nawo atalemba kale: anthu a mbewa. Mukudziwa chimbuya cha Abemba ndi ife a kum'mawa, iwo amatiseka za mbewa, ife timawaseka za anyani, ndipo palibe amene amakwiya. Mbewa yake inali yaing'ono, yothamanga, yolowa pabowo lililonse, koma pansi analemba chofooka: "Ikakumana ndi munthu wa ku Eastern Province, magazi amatsika okha." Tinaseka, tinavomera. Ulendo usanafike n'komwe kuphanga, msuweni wanga anafunsa ngati munthu wake ali ndi mchere m'thumba. Mtsikana uja, amene tsopano anali njovu yokhumudwa, anafunsa ngati pali udzu wouma pafupi. Agogo a ndodo aja, omwe anabwera kudzayang'anira kuti chigamulo chikutsatidwa, anakuwa ali pampando: "Tsekani una winawo, ituluka!" Mbewa ya mbuya wanga inatha mphindi 20, ndipo siinaphedwe ndi mdani.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pamenepo. Lolemba m'mamawa kunja kusanayere ndinamva odi wapansipansi. Pakhomo panali bambo wina wa njinga zonyamula anthu, chipewa chili m'manja, nkhuku ili m'khwapa. Anati njinga yake inabedwa ku Saturday Market, ndipo wamva kuti pano pali mnyamata wa timiyala ta manambala. Ndinamuuza kuti ndi masewero. Anagwedeza mutu momvetsa, nati akudziwa kuti masiku ano sitinena poyera, lamulo ndi lovuta. Ndinamuuzanso. Anati ndingoponya kamodzi. Kuti achoke ndinaponya, inagwa pa 12, iye anayang'anitsitsa, nati "Ndinadziwa," n'kusiya nkhuku. Mpaka lero sindidziwa chomwe anadziwa.

Pofika Lachinayi anali atabwera mayi wofuna kudziwa kumene amuna ake amachedwa, ndi anyamata atatu ofuna zigoli za mpira wa ku England. Onsewa ndinawabweza. Nkhuku ija ndinaifunira mwini wake osamupeza, ndipo inayamba kugona pakhonde la amayi.

Kumapeto kwa mwezi ndinapita kukapereka lendi. Amayi anawerenga ndalama kawiri, anazipinda, anaziika m'chitenje, dzanja n'kulisiya lotambasula.

"Yatsala 150 kwacha."

"Amayi, lendi ndi yomweyi chaka chonse."

"Inali yomweyi uli munthu wogona chabe," anatero, akuyang'ana nkhuku. "Tsopano pakhomo panga pakubwera makasitomala."