Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Kansupa ka kuseri kwa kauntala

M'gawo lapita ndinalekezera pomwe amalume anandilandira pa depoti ya Mzuzu. Ntchito anandipatsa yogulitsa zitenje mu shopu yawo ku msika wa Taifa. Katundu ankakaoda ku Kyela m'dziko la Tanzania, kudzera pa boda ya Songwe, ndipo zinkayenda ndithu mpaka mu Meyi 2012, boma la mayi Joyce Banda litagwetsa kwacha. Dola ya pa K168 inakwera kufika pa K250. Kasitomala ankangosisita chitenje, kufunsa kuti "ni zilinga?", akamva mtengo ulendo.

M'mawa wina mu Juni, kukuzizira kuja zala zimakanika kugwira loko, tsache langa linagunda kanthu kuseri kwa kauntala. Kansupa kakuda, konona mafuta a nsatsi, mikanda yofiira m'khosi. Ndinakabwezera pomwepo manja akunjenjemera.

Dziwani kuti amalumewa anali mkulu wa mpingo. Pa Mgonero ndi iwo ankayendetsa chikho, atavala jekete yoyera yosita bwino.

Madzulo tikuotha mbaula kunyumba ku Chiputula ndinawanong'oneza azakhali. Sanadabwe n'komwe. "Iwe mwana, unawamva amalume ako akunena kuti Yesu sakumudziwa? Kameneko n'kongoitanira makasitomala. Za moyo wosatha ndi zina, za lendi ya shopu ndi zina."

Yankho limeneli linandisowetsa tulo, chifukwa ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti wokana Ambuye ndi Petro. Pa Luka 22 ali pamoto pabwalo la mkulu wa ansembe, mtsikana wantchito wamuloza, iye wakana, kenaka kawiri kenanso, tambala walira. Komatu Petro anadzidzimutsidwa, Mbuye wake ali m'manja mwa omugwira, ndipo usiku womwewo anatuluka kukalira mowawidwa mtima. Za amalume zinali zokonza mofatsa: kusunga ndalama, kukwera basi, kuvula nsapato pakhomo pa sing'anga, kulandira zizimba, Lamulungu n'kudzatsogolera nyimbo. Pakamwa pawo sipanatuluke mawu okana ngakhale amodzi. Anangomugawira Yesu malire, kuti ake ndi a kutchalitchi ndi kumaliro, mu shopu asalowemo. Kwa ine kukana kumeneku n'koopsa kuposa kwa Petro, poti kulibe tambala wokudzidzimutsa. Paulo anauza Tito za anthu otere, ovomereza Mulungu pakamwa koma n'kumukana ndi ntchito zawo.

Sindikuwanyoza ayi. Anali ndi ana pa sukulu, wakatapila akubwera pakhomo mwezi ukatha, ndipo nsima imene ndinkadya ine inkachokera mu shopu momwemo.

Lolemba anali paulendo wa ku Kyela. Atakwera kale njinga ya kabaza, imene ku Mzuzu amaitcha sakramento, anandiitana n'kundipatsa makiyi, kenaka kabotolo kokulunga mu nyuzipepala. "Mphwanga, ndamva kuti kansupa kaja wakaona. Uzikadzoza m'mawa uliwonse usanatsegule, mpaka ndibwere."

Zomwe ndinachita ndi kabotoloko ndi za gawo 8.